Kuimbira nesi pa foni: pangani chonchi kuti akuthandizenidi

Anthu ambiri akamva zoti kuli nambala yoimba nkuyankhula ndi nesi amaganiza kuti chipatala chonse chalowa mu foni, ukaimba akuuza matenda ako, akuuza mankhwala, basi nkhani yatha. Ayi sizili choncho. Ntchito yaikulu ya nesi wa pa foni ndi kukuthandizani kudziwa ngati zomwe zikuchitikazo ndi zoti mutha kukhala nazo pakhomo nkumayang'anira, kapena ndi zopita nazo ku chipatala kukacha, kapena ndi zonyamuka pompano olo kuli pakati pa usiku. Zina zonse ndi zongoonjezera. Ndiye poti iye sakumuona wodwalayo, sangamukhudze pamphumi, sangamumvetsere chifuwa, maso ake ndi inuyo, ndipo mukamuuza zosokonekera naye akupatsani malangizo osokonekera.

Manambala ngati awa alipo m'maiko ambiri. Ku England anayamba ndi NHS Direct mu 1998, kenako inalowedwa m'malo ndi 111 yomwe akugwiritsa ntchito pano. Ku Sweden amaimba 1177, ku Canada zigawo zambiri ndi 811, ku Australia kuli healthdirect. Ku Malawi kuli Chipatala Cha Pa Foni, chinayamba mu 2011 ku Balaka ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi ana kenako chinakula nkumayankha za umoyo zosiyanasiyana. Kwina ndi makampani a inshulansi kapena zipatala zomwe zili ndi laini yawo. Maina ndi osiyana koma kagwiridwe kake nkofanana, nde zomwe ndikulemba apazi zigwira kulikonse komwe muli.

Choyamba, dziwani nthawi yosaimba

Ndayamba ndi ichi dala chifukwa ndi pomwe anthu amatayira nthawi. Pali zinthu zoti mukaziona musayambe kusaka nambala ya nesi, pezani galimoto kapena imbani nambala ya ambulansi ya dziko lomwe muli, monga 112 ku Europe, 999 ku UK, 911 ku America. Munthu wakomoka sakudzuka, akubanika mpaka sakutha kumaliza chiganizo, akumva kufinya kapena kupweteka pachifuwa kofika pamkono kapena kunsagwada, kamwa lapindikira mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono umodzi wafooka, akuyankhula molobodoka, akutaya magazi osaleka, milomo ndi lilime zikutupa atamwa mankhwala kapena atalumidwa ndi kachilombo. Zimenezo si zokambirana. Kwa mwana, akakhala kuti sakutha kuyamwa kapena kumwa chilichonse, akusanza chilichonse chomwe wapatsidwa, wagwidwa ndi zinjirinjiri, kapena walefukiratu mukumugwedeza akungoyang'ana mwaulesi, nyamukani. Mayi woyembekezera akutaya magazi, mutu ukuwawa kwambiri maso akuchita chidima, kapena wakomoka, chimodzimodzi. Ngati mukufuna kuimbabe imbani muli panjira, foni ili m'manja mwa munthu wina osati amene akuyendetsa.

Sungani nambala lero, osati tsiku lodwala

Chakudza sichiimba ng'oma. Pezani nambala yolondola muli bwinobwino, itengeni pa chipatala, pa tsamba la unduna wa zaumoyo, kapena pa kadi ya inshulansi ngati muli nayo, musatenge yomwe yangoponyedwa pa gulupu ya WhatsApp popanda wodziwa komwe yachokera. Isungeni ndi dzina losavuta loti olo mwana wanu wamkulu atha kulipeza, ndipo ilembeninso papepala poti mafoni amatha moto nthawi yolakwika. Fufuzaninso zinthu zitatu izi: kodi ndi yaulere kapena imadya mayunitsi, imagwira pa laini iliyonse kapena ya kampani imodzi yokha, ndipo amayankha usiku wonse kapena ali ndi maola. Si manambala onse omwe ndi a maola 24, ndiye zoti muzazindikire 2 koloko ya usiku kuti anaweruka ndi zowawa.

Musanaimbe, mphindi zisanu zokonzekera

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndikhalitsapo. Tengani pepala ndi bolopeni. Lembani zaka za wodwalayo, ngati ndi khanda lembani miyezi kapena masabata enieni, chifukwa mwana wa masabata 6 ndi mwana wa miyezi 10 onse timangoti khanda koma kwa nesi ndi anthu awiri osiyana kwambiri. Ngati mukudziwa kulemera kwake lembani, mankhwala a ana amayendera makilogalamu osati kuti akuoneka wamkulu. Kenako lembani kuti zayamba liti, tsiku ndi nthawi. Zoti "zayamba kalekale" kapena "posachedwapa" sizithandiza, kalekale wa munthu wina ndi dzana, wa wina ndi chaka chatha.

Sonkhanitsani mankhwala onse omwe wodwalayo akumwa muwaike patsogolo panu, mabokosi ake, mabotolo, timapepala ta mapilitsi, zonse. Kabuku kapena makadi a kuchipatala akhalenso pomwepo. Nesi akafunsa kuti akumwa chani musamati "timapilitsi toyera ting'onoting'ono" ayi, mapilitsi oyera ndi ambirimbiri, werengani dzina lomwe lalembedwa ndi nambala yomwe ili pambali pake, olo mukulephera kulitchula tchulani chilembo chimodzichimodzi. Nambalayo ndi yofunika zedi. Mwachitsanzo paracetamol wamadzi wa ana amabwera wa mphamvu zosiyana, wina ndi 120 mg mu 5 ml wina ndi 250 mg mu 5 ml, botolo kaonekedwe nkufanana, ndiye mukangoti "ndamupatsa supuni imodzi" nesi sangadziwe ngati mwana walandira mlingo woyenera kapena kuwirikiza.

Ngati muli ndi themometa yezani kutentha kwa thupi mulembe nambala ndi nthawi yomwe mwayeza, munenenso kuti mwayeza kukhwapa kapena mkamwa. Ngati mulibe musaname nambala, ingonenani kuti mwamukhudza pachifuwa kapena pamsana ndipo akuotcha kuposa masiku onse. Khanda losakwana miyezi 3 likafika 38 ndi la kuchipatala basi, olo likuyamwa bwino, nesi aliyense akuuzani zomwezo. Amene muli ndi makina a BP kapena a shuga pakhomo yezaninso, nambala imodzi yeniyeni imaposa kufotokoza kwa mphindi khumi.

Ndiye pali kuwerenga mpweya kwa mwana amene akutsokomola, anthu ambiri sadziwa koma nkosavuta ndipo nesi amakondwa nako. Dikirani mwana akhale chete, akamalira nambala imakwera yokha. Mukwezeni malaya mimba ndi chifuwa zionekere, tsegulani wotchi ya pa foni, werengani kwa mphindi imodzi yathunthu, kukwera ndi kutsika ndi kamodzi. Musawerenge masekondi 15 nkuchulukitsa, makanda amapuma modukizadukiza. Wosakwana miyezi 2 akafika 60 kapena kuposa ndiye kuti akupuma mofulumira, wa miyezi 2 mpaka 11 ndi 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Muli pomwepo yang'anani m'munsi mwa nthiti, ngati pakulowa mkati pamene mwana akukoka mpweya, nenani zimenezo koyambirira kwenikweni chifukwa chikhoza kukhala chibayo.

Wotsegula m'mimba werengani kuti wapita kangati kuyambira m'mawa, muli magazi kapena ayi, wakodza komaliza nthawi yanji, maso alowa, akulira misozi ikutuluka, liwombo lalowa. Tsinani pang'ono khungu la pamimba muone ngati likubwerera msanga kapena likuchedwa. Ndi mafunso omwewo omwe akufunseni, nde bola mukhale nawo kale mayankho.

Chomaliza, onani moto mu foni, pitani pomwe netiweki imagwira bwino, zimitsani wailesi ndi TV, ndipo khalani pafupi ndi wodwalayo. Kuimba muli ku ntchito za mwana amene ali kunyumba, mwangomva kuti "sakupeza bwino", nkovuta, nesi akuti tamuyang'anani milomo inu muli kutali. Ngati nkotheka aimbe amene ali naye pafupi. Ndipo munthu wamkulu amene akutha kuyankhula ayankhule yekha, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inu mungomuthandiza pomwe waiwala.

Akayankha

Kawirikawiri mumayamba mwamva mau ojambulidwa, dinani 1 pa chakuti dinani 2 pa chakuti, kusankha chilankhulo ndi zina, mvetserani mpaka kumapeto musangodina. Mutha kudikira pa mzere, makamaka madzulo ndi kumapeto kwa sabata, osadula nkuimbanso kambirimbiri chifukwa malo ambiri mukadula mumabwerera kumbuyo kwa mzere. Kwina woyamba kuyankha si nesi, ndi munthu wophunzitsidwa kufunsa mafunso oyamba, monga zimakhalira pa 111, kenako amakulumikizani kapena nesi amakuimbirani. Akanena kuti akuimbirani siyani laini ili yotsegula, osayamba kuimbira abale onse kuwauza za matendawo, ndipo foni ichotseni pa sailenti. Perekani nambala yanu koyambirira kuti foni ikaduka akupezeni.

Moni ndi wabwino koma mufupikitse, kenako nenani chachikulu m'chiganizo chimodzi. Tiyerekeze awiri aimba. Woyamba akuti, "Eee anesi, mwanayu kungoyambira pomwe tinabwera ku ulendo uja sakuoneka bwino, agogo ake akuti mwina ndi mano, ine ndimaganiza kuti ndi nyengoyi, nde dzulo anadya pang'ono..." mphindi zitatu zatha nesi sanamve kuti vuto ndi chani. Wachiwiri akuti, "Anesi, ndikuimbira za mwana wanga wamkazi, ali ndi miyezi 14, amalemera makilogalamu 10. Thupi latentha kuyambira dzulo 4 koloko madzulo, pano ndayeza kukhwapa ndi 38.9, wasanza kawiri, akuyamwa koma pang'ono, ndamupatsa paracetamol 8 koloko." Wachiwiriyu wathandizidwa kale theka. Mbiri ya ulendo ija ndi yofunikanso, makamaka ngati munapita kudera la malungo, koma ibwere pambuyo pa chachikulucho.

Akayamba kufunsa mafunso ooneka ngati osagwirizana, musapse mtima. Mwaimba za mutu iye akufunsa ngati khosi likupindika, ngati kuwala kukukupwetekani m'maso, ngati munagwa. Sakukuchedwetsani dala. Amakhala ndi ndondomeko yolembedwa, nthawi zambiri pa kompyuta, ndipo mafunso ake amayambira pa zoopsa kwambiri kumatsika, akachotsa zoopsazo ndi pomwe amafika pa zazing'ono. Yankhani zomwe mwafunsidwa, ngati simukudziwa nenani kuti sindikudziwa kapena dikirani ndikaone. Pa ululu akhoza kukufunsani kuti pa 0 mpaka 10 uli pati, musangoti 10 kuti akutengeni siriyasi, komanso musati 2 mukulephera kuimirira. Fotokozani mtundu wake, ukulasa, ukuotcha, ukupotokola, umabwera nkupita kapena suleka, uli malo amodzi kapena ukuyenda, mukatani umachepa.

Nenani zoona, olo zochititsa manyazi

Ineyo ndimaona kuti apa foni imaposa kupita pamaso, chifukwa sakukuonani, sakudziwa kwanu, mawa simukumana naye panjira. Komabe anthu amabisa. Amabisa kuti anamwa mowa, kuti anasiya mankhwala a BP mwezi watha atamva bwino, kuti anadumphitsa ma ARV, kuti anamwa mankhwala otsala a mnzawo, kuti anamwa azitsamba, kuti mwezi uno sanasambe. Zonsezi zimasintha malangizo. Mayi amene akumva kupweteka m'munsi mwa mimba mbali imodzi ndipo wadumphitsa kusamba, nesi amaganizira za mimba yokhala panja pa chiberekero yomwe ndi ngozi yeniyeni, koma mukabisa zakusambazo iye akhoza kuganiza zina. Nenaninso matenda omwe mumakhala nawo monga shuga, mphumu, khunyu, a impso, komanso mankhwala omwe thupi lanu limadana nawo, ngati penicillin anakutulutsanipo zidzolo kapena kukutupitsani.

Ngati mwana wamwa mankhwala a akulu, parafini, mankhwala ochapira kapena ophera tizilombo, musachepetse mlingo poopa kuti akukalipirani. Gwirani botolo m'manja muwerenge dzina, nenani nthawi yomwe zachitika ndi kuchuluka komwe mukuganiza kuti kwasowa. Musamusanzitse, zina zimaotcha kawiri pobwerera ndipo parafini akalowa m'mapapo ndi zoopsa. Paracetamol ndi wonyenga, munthu akamwa wambiri tsiku loyamba amaoneka bwinobwino pomwe chiwindi chikuonongeka, ndiye zoti "akusewera ali bhobho" si chifukwa chokhalira pakhomo. Botololo mupite nalo ku chipatala.

Zomwe nesi angachite ndi zomwe sangachite

Sangakuyezeni magazi pa foni. Ndiye mukaimba kuti thupi likutentha, mutu, kuphwanya m'thupi, sangakuuzeni motsimikiza kuti ndi malungo, akuuzani kuti mukayezetse, ndipo akulondola, musamuone ngati sadziwa ntchito. Malaini ambiri salembanso mankhwala, makamaka ma antibiotic, ndipo kumukakamiza kuti "ingondiuzani dzina ndikagule" nkutaya nthawi. Chimfine wamba sichimva antibiotic olo mutamwa bokosi lonse.

Koma zomwe angachite ndi zambiri ndithu. Atha kukuuzani kasungunulidwe ka ORS wa otsegula m'mimba, amene mapaketi ambiri ndi limodzi mu lita imodzi ya madzi abwino koma werengani paketi yanu, ndi kapatsidwe kake pang'onopang'ono mwana akamasanza, komanso za zinc amene amaperekedwa masiku 10 mpaka 14. Atha kukuwerengerani mlingo wa paracetamol malinga ndi kulemera kwa mwana, nkukukumbutsani kuti wamkulu asapyole magalamu 4 pa maola 24 ndiponso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, anthu amawirikiza osadziwa. Akuuzani kuti aspirin si wa ana. Munthu akapsa akuuzani kuti muthire madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20 osapaka zinthu zina. Galu akaluma, kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kupita ku chipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Mwaiwala kumwa pilitsi lolera, mwapatsidwa mankhwala atsopano ndipo mukuchita chizungulire, bala la opareshoni likuoneka mwina, mwana watentha thupi atabaya katemera, zonsezi ndi mafunso enieni a laini imeneyi. Palibe funso lopusa, bola kufunsa kusiyana nkukasaka pa intaneti pomwe chilichonse chimathera ku khansa.

Musadule musanabwereze

Gawo ili anthu amalidumpha, akangomva kuti "sizoopsa" mtima pansi, zikomo zikomo, foni thii, patapita mphindi khumi akufunsana m'nyumba kuti paja anati kangati patsiku? Lembani pomwe akuyankhula. Akamaliza nenani kuti, "Anesi ndibwereze kuti muone ngati ndamva," ndiye mubwereze ndi mau anu, mankhwala akuti, mlingo wakuti, maola akuti. Akatchula mamililita funsani kuti muyeza ndi chani, masupuni a pakhomo ndi osiyana kukula, kasirinji kapena kakapu kobwera ndi botolo ndiye koyenera.

Kenako funsani mafunso awa olo iye asanawatchule. Ndikaona chani ndithamangire ku chipatala osadikira? Ndidikire mpaka liti ngati sizikusintha? Ndipite chipatala chaching'ono kapena chachikulu? Wodwalayu adye ndi kumwa kapena ayi pamene tikupita? Funso loyambalo ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa malangizo a pa foni ndi a mmene zinthu zilili nthawi imeneyo, matenda amasintha, mwana amene anali bwino 8 koloko atha kukhala wina 11 koloko. Lembaninso nthawi yomwe mwaimba ndi dzina la amene mwayankhula naye kapena nambala ya nkhani yanu ngati amapereka.

Akakuuzani kuti pitani pompano ndipo inu mukudziwa kuti mulibe mayendedwe, kapena mulibe wosiyira ana ena, musangoti chabwino nkukagona. Nenani vuto lanulo, mwina akuuzani zochita podikira, mwina akuuzani malo apafupi, kapena akuuzani mosabisa kuti izi sizodikira dzutsani aneba. Ndipo mbali inayo, akakuuzani kuti khalani pakhomo koma mtima wanu ukukana, mukumuona mwana wanu si mmene amakhalira, pitani. Nesi wamva mau okha, inu mukumuona. Nesi wabwino sangakwiye nazo. Mukafika ku chipatala auzeni zomwe munauzidwa pa foni ndi mankhwala omwe mwapereka kale ndi nthawi yake, kapepala kaja mupite nako.

Zikasintha imbaninso, palibe amene akuwerengereni kuti mwaimba kachitatu. Mwina ayankha wina, ndiye yambani ndi kunena kuti munaimba nthawi yakuti ndipo anakuuzani zakuti, chasintha ndi chakuti.

Za uphungu, pamene vuto si kutentha thupi

Malaini ambiri ali ndi mbali ya uphungu, ena ndi a uphungu wokhawokha. Nkhawa, kusowa tulo, maliro omwe akukana kuchoka mumtima, mowa, nkhanza za m'banja, kuopa kukayezetsa HIV, kapena mwangolandira zotsatira ndipo simukudziwa kuti muuza ndani. Si zachilendo izi, a Samaritans anayamba ku London mu 1953 ndi wansembe Chad Varah, foni imodzi yoti anthu othedwa nzeru aziimbapo, ndipo ku America anakhazikitsa nambala ya 988 mu July 2022 ya anthu omwe akuganiza zodzipha kapena ali pa vuto la maganizo.

Kukonzekera kwake nkosiyana pang'ono. Simukufunika themometa, mukufunika malo oti muyankhule momasuka, kaya panja, kaya m'galimoto, kaya nthawi yomwe ena atuluka. Simukufunikanso kukhala ndi mau okonzeka, mutha kungoyamba ndi "sindikudziwa poyambira" ndipo phungu amadziwa kukutengani kuchokera pamenepo, olo mulire olo mukhale chete kwa kanthawi sadula. Funsani koyambirira za chinsinsi: kodi mukujambula, kodi ndikuyenera kutchula dzina, ndi nthawi iti yomwe mungauze anthu ena. Malo ambiri amasunga chinsinsi koma amakhala ndi malire pamene moyo wa munthu uli pa ngozi kapena mwana akuchitidwa nkhanza, ndi bwino mudziwiretu. Ngati foni mumabwerekana kapena amene akukuzunzaniyo amaigwira, fufutani nambala pa mndandanda wa mafoni oimbidwa, ndipo muwauze ngati sizotheka kuti akuimbireni kapena kukutumizirani meseji.

Ngati maganizo odzipha akubwera, litchuleni liwulo mosazungulira. "Ndatopa" amatha kumva ngati kutopa wamba. Akufunsani ngati mwakonza njira, ngati zinthuzo zili pafupi, ngati muli nokha, si upolisi ayi, akufuna adziwe kuti ngozi ili pafupi bwanji. Amene mukuimbira m'bale wanu, dziwani kuti kumufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zina zoopsa pafupi, ndipo ngati wamwa kale kanthu imeneyo ndi ya ambulansi osati ya uphungu.

Pali zina za uphungu zomwe zili ndi wotchi, izi musadikire kuti mulimbe mtima kaye. Munthu amene wagwiriridwa, kondomu yaphulika, kapena wabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, kufulumira ndiye kwabwino, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapilitsi oteteza mimba pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, malire ake ndi masiku 3 mpaka 5 kutengera mtundu. Ndiye mukaimba nenani tsiku ndi ola lomwe zachitika, ndipo funsani kuti malo apafupi otsegula pano ndi ati. Nkhani ya kupolisi kapena kuuza achibale mutha kuiganizira bwino ndi phungu, koma mankhwalawo sadikira.

Phungu mmodzi mukapanda kugwirizana naye, mwina mwaona ngati akuthamanga kapena akukuweruzani, musataye laini yonse, imbani nthawi ina mupeza wina. Komanso foni imodzi siyithetsa vuto la zaka, pemphani akuuzeni komwe mungamakaonane ndi munthu pamaso mobwerezabwereza.

Chomaliza ndi za akuba, poti nawo anatulukira kuti odwala sachedwa kukhulupirira. Nesi weniweni sakufunsani PIN ya ku banki kapena ya ndalama za pa foni, sakuuzani kuti tumizani kaye ndalama ku nambala yake kuti akutumizireni mankhwala ochiza shuga kapena HIV, ndipo sakuuzani kuti musiye mankhwala omwe adokotala anakulemberani nkugula ake. Wina akakuimbirani yekha kuti ndi wa zaumoyo ndipo mafunso ake akulowera ku ndalama, dulani, kenako imbani nokha pa nambala yovomerezeka ija mufunse ngati anali iwo.